Msonkho wa IRPS: bambo pepala lawo, mayi pepala lawo

Abale, funso ili likumveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi, anamwino ndi ena olandira malipiro a pamwezi kuno ku Angónia ndi ku Tsangano. Mwamuna ndi mkazi onse ali pa ntchito, msonkho awadula wochuluka, nanga ndalamazo zibwerera bwanji?

Chisokonezo chimachokera ku lamulo lakale. Kale boma linkaphatikiza ndalama za anthu okwatirana n'kuwerengera msonkho pamodzi. Chaka chikatha, banja linkadzaza Modelo 10 n'kuyamba kudikira reembolso, ndiye kuti ndalama zobwezedwa. Ena anadikira zaka. Lamulo nambala 20/2013 linasintha zimenezi, ndipo kuyambira Januwale 2014 aliyense amawerengeredwa payekha. Tsono bambo amene amakwera chapa kupita ku Finanças, mapepala a mayi ali m'thumba, nati "ndabwera m'malo mwa banja lonse", akhoza kungoononga ndalama ya ulendo.

Cholakwa chambiri chimabadwira kuntchito komweko. Abwana amadula msonkho poona kukula kwa malipiro ndi chiwerengero cha ana amene muwalera. Ngati mwana wabadwa koma simunakanene ku sekretariya, iwo adzapitiriza kudula monga kale, mwezi ndi mwezi. Yambani kumeneko, cédula ya mwanayo ili m'manja, musanathamangire kwina.

Chachiwiri ndi maina, ndipo apa ife a m'malire timavutika kuposa anzathu. Pa bilhete palembedwa Phiri, pa NUIT palembedwa Piri, ku banki kwina dzina la bambo anu lasowa. Kwa ife ndi munthu mmodzi, koma kompyuta imaona anthu atatu, ndipo ndalama zimaima. NUIT ili ndi manambala 9, ndi ya munthu mmodzi basi. Mayi asalembetse ntchito kapena bizinesi yawo pa NUIT ya amuna awo, ngakhale banjalo likhale lomvana chotani. Kutenga yanu n'kwaulere. Wokuuzani kuti "mundipatseko ya fanta ndikufulumizitsireni" mungomusiya.

Podandaula musadalire pakamwa. Lembani requerimento, muphatikize marisiti a malipiro a miyezi yonse yolakwikayo, fotokopi ya bilhete ndi NUIT, ndi nambala ya banki ya dzina lanu lomwe. Mapepalawo akhale awiriawiri, ndipo anu awadinde carimbo ya tsiku limenelo. Wantchito wa pa windo amasinthidwa, koma carimbo imakhalabe umboni. Musachedwe poyembekeza kukolola kapena kugulitsa fodya, pakuti madandaulo a msonkho ali ndi nthawi yake yoikika.

Koma ngati ndalama zomwe mukulondola ndi za zaka za m'mbuyo 2014 isanafike, pamene munadzaza Modelo 10 imodzi, pitani nonse awiri ndi kalata ya ukwati, chifukwa maina onse awiri ali pa pepala limenelo.