Ana athu opanga nyimbo pa kompyuta tisawafooketse

Makolo ambiri kuno ku Spinney Hill timadandaula tikamva mwana akugunda nyimbo pa kompyuta mpaka usiku, n'kumati akutaya nthawi. Tisanamukalipire, tikumbukire Esau Mwamwaya. Iye ankagulitsa katundu wakale m'sitolo ku London pomwe anakumana ndi opanga nyimbo a Radioclit. Pamodzi anayambitsa gulu la The Very Best, ndipo mu 2009 anatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa, iye akuimba m'Chichewa.

Tsono kwa inu achinyamata amene mwangoyamba kumene, tikuti musadikire zida zodula. Laputopu, mahedifoni ndi pulogalamu imodzi monga FL Studio n'zokwanira, bola muidziwe bwino. Malizani nyimbo iliyonse musanayambe ina, ngakhale isakome, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Koposa zonse, musachite manyazi ndi zakwathu. Otsanzira za ku America ndi ochuluka kale. Odziwa kuika ng'oma za manganje kapena chimtali mu nyimbo zamakono ndi ochepa.

Ifenso makolo tili ndi udindo. Sukulu isalekeke, koma mwana akati timvere nyimbo yake, tikhale pansi, timvere mpaka kumapeto.