Kalata kwa a Sipikala: Mantha Asamatsegule Thumba la Boma

Olemekezeka a Sipikala a Nyumba ya Malamulo,

Pa 8 Sepitembala 1964, patangotha miyezi iwiri Malawi atalandira ufulu wodzilamulira, aphungu anasonkhana ku Zomba mitima ili m'mwamba. Dzulo lake Dr Hastings Kamuzu Banda anali atachotsa nduna zake Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula okha pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere atangofika kuchokera ku Canada anawatsatira. Madandaulo a ndunazi anali a ndalama komanso a ubale ndi mayiko akunja: tiki yomwe odwala anayamba kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, azungu omwe anali adakali pa mipando yonona, ndiponso kugwirana chanza ndi Apwitikizi a ku Mozambique pamene thandizo la China linkakanidwa. Koma m'Nyumbamo nkhani inasanduka ya chiwembu. Banda anauza aphungu kuti ndunazo zinamupangira upo, ndipo atakambirana masiku awiri anavomereza kuti ali pambuyo pake. Mafunso a ndunazo anathera pomwepo. Panadutsa zaka pafupifupi 30 phungu asanayerekezenso kufunsa mtsogoleri momasuka.

Wolemba kalatayi wayambira kutali chonchi chifukwa mpando womwe a Sipikala akhalapo lero ndi womwewo umene unaonerera zimenezi. Pempho lake ndi limodzi: boma likabwera m'Nyumba ndi mawu akuti "chitetezo cha dziko", aphungu azichulukitsa mafunso. Mbiri ya Malawi ikuonetsa kuti nthawi zonse pomwe anthu agwidwa nthumanzi, mphamvu ndi ndalama zimachoka m'manja mwa aphungu mosavuta, ndipo kuzibweza kumatenga zaka.

Si kuti Banda ankaopa mthunzi wake. Mu Febuluwale 1965 anthu a Chipembere analanda Fort Johnston, womwe lero ndi Mangochi, nalephera kuwoloka Shire pa Liwonde. Mu Okutobala 1967 Yatuta Chisiza analowa ndi mfuti kudzera ku Mwanza, naphedwa. Zoopsazo zinalipodi, koma zinali zazing'ono ndipo zinatha msanga. Malamulo omwe zinabereka ndiwo sanathe. Kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu kunakhala kololedwa. Mu 1966 kunabwera lamulo lolanda katundu wa aliyense woganiziridwa kuti akusokoneza boma, chaka chomwecho dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo pofika 1971 Banda anali mtsogoleri wamuyaya. Ndende za Dzaleka ndi Mikuyu zinadzaza ndi aphunzitsi, atolankhani, alimi, ngakhale anthu ongolankhula mosasamala pamowa. Mboni za Yehova, zomwe zinaletsedwa mu 1967, zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique mu 1972 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Lamulo lililonse mwa amenewa linadutsa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu akuwomba m'manja.

Mantha amadya ndalama, ndipo chitsanzo chachikulu ndi gulu la achinyamata la Apayoniya. Gululi linaphunzitsadi achinyamata ambiri ulimi ndi ntchito zamanja, izi palibe angakane. Koma linalinso gulu lankhondo lachiwiri, lokhala ndi mfuti zake, magalimoto ake, akazitape ake ndi makampu m'zigawo zonse zitatu, lomvera munthu mmodzi yekha. Lamulo linkaletsa wapolisi kumanga mpayoniya asanapemphe chilolezo kwa akuluakulu a gululo. Dziko losauka linkadyetsa magulu awiri onyamula zida chifukwa mtsogoleri sankafuna kudalira gulu limodzi lokha. Mapeto ake anali a mu Disembala 1993: apayoniya ataombera asilikali ku Mzuzu, asilikali anayamba Operation Bwezani, mfuti zinalira m'kati mwa Lilongwe, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Zida zogulidwa ndi misonkho ya Amalawi zinalozetsedwa kwa Amalawi mbali zonse ziwiri.

Ubale ndi mayiko akunja nawo unaumbidwa ndi mantha omwewo. Mu 1967 Malawi anatsegulirana maofesi a ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, chinthu chomwe mayiko ena olamulidwa ndi anthu akuda sanachite. Mtsogoleri wa dzikolo, John Vorster, anabwera mu 1970, Banda anakabwezera ulendowo mu 1971, ndipo ngongole ya R8 miliyoni inayambitsa ntchito yomanga likulu ku Lilongwe. Banda anali ndi zifukwa zomveka: njanji yopita kunyanja yamchere inkadutsa m'dziko la Apwitikizi, ndipo amuna zikwizikwi ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Komabe panalinso chifukwa china, choti otsutsana naye anali atabisala ku Tanzania ndi ku Zambia, ndiye mabwenzi anawafuna kwa adani a mayiko amenewo. Mtengo wake unaoneka mu Sepitembala 1986, pomwe atsogoleri anzake Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Banda kuti akusunga zigawenga za Renamo za ku Mozambique, ndipo Machel anaopseza kuti aika mizinga m'malire. Chaka chotsatira asilikali a Malawi anali akulondera njanji ya Nacala, ena akutaya miyoyo, katundu wa dziko akuzungulira ku Durban pa mtengo woboola m'thumba.

Mayiko a azungu nawo anali ndi mantha awoawo. Poopa chikomyunizimu, anatseka maso ku zonse zochitika ku Mikuyu. Nkhondo ya mawu ya pakati pa America ndi Soviet Union itatha, anaimitsa thandizo mu Meyi 1992, patangopita miyezi iwiri maepiskopi a Chikatolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma. Nkhanzazo sizinayambe mu 1992. Chomwe chinasintha n'choti azunguwo anasiya kuopa.

Pali nkhani ina imene a Sipikala angaiganizire mofatsa, chifukwa ikuonetsa zomwe zimachitika boma likamabisa zinthu. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu oposa 30 anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Mphekesera inafala yoti boma ndilo likupha anthu kuti litumize magazi ku South Africa pobweza ngongole. Zinali zabodza, koma anthu anazikhulupirira chifukwa palibe anawafotokozera kuti ngongoleyo inabwera bwanji ndipo idzabwezedwa motani. Khoti Lalikulu litamasula ena mwa oganiziridwa chifukwa chosowa umboni, boma linapereka mphamvu yoweruza milandu yakupha ku makhoti a mafumu, komwe woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Pambuyo pake makhotiwo anapatsidwanso milandu youkira boma. Mu 1983 khoti lotere ndilo linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Lamulo lopangidwa poopa chigawenga cha ku Chilobwe linakagwira loya woyamba wachikuda wa dziko lino, yemwe anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. M'chaka chomwecho cha 1983 anzawo a aphungu a lero, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, mitembo yawo n'kupezeka ku Thambani.

Wina anganene kuti izo n'zakale. Koma mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, chifukwa chotchula m'kalasi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Sukuluyo inakhala miyezi yambiri osaphunzitsa. Mu Epulo boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula mtsogoleriyo itaululika. Nyumba inali itavomereza kale kusintha ndime 46 ya malamulo a milandu kuti nduna izitha kuletsa nyuzipepala. Pa 20 Julayi ndi tsiku lotsatira anthu 20 anaphedwa pa zionetsero. Britain anaimitsa thandizo la m'bajeti, America anaimitsa $350 miliyoni ya magetsi, ndipo wamba anagona pamzere wa mafuta. Boma linkaopa kugwetsedwa, koma wolipira manthawo anali mayi wosapeza mankhwala kuchipatala.

Pa nkhani yogula zida ndiye pafunika maso kwambiri, poti apa maboma onse, posaona mtundu wa nsalu ya chipani, ayenda njira imodzi. Mu 2013, mkangano wa nyanja ndi Tanzania uli mkati, boma la Joyce Banda linagwirizana ndi kampani ya Paramount Group ya ku South Africa zogula zida, kuphatikizapo maboti olondera panyanja, pa mtengo womwe unamveka kuti ndi $145 miliyoni. Ndege ya pulezidenti inagulitsidwa pa $15 miliyoni, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti ndalamazo sizinalowe m'thumba lalikulu la boma koma zinapita ku ngongole ya zidazo. Aphungu ambiri anazimvera m'nyuzipepala. Mu Juni 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza mtundu kuti bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lapeza makontirakiti oposa $150 miliyoni omwe apolisi ndi asilikali anapereka ku makampani a Zuneth Sattar pakati pa 2017 ndi 2021. Kalatayi siikuweruza munthu, imeneyo ndi ntchito ya makhoti. Ikungofunsa kuti ndalama zochuluka chotero zinadutsa bwanji zaka zinayi, pansi pa maboma awiri, Nyumba osaimitsa ndi kufunsa. Yankho lake likuoneka kuti ndi mawu aja akuti chitetezo, omwe akangotchulidwa aliyense amaweramitsa mutu.

Ngakhale mliri umatsegula thumba chimodzimodzi. Covid-19 itavuta, K6.2 biliyoni inatuluka mwachangu, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anapeza kuti gawo lina linathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata ndondomeko. Nduna imodzi inachotsedwa.

Wolemba kalatayi sakunena kuti asilikali amanidwe ndalama. Zigawenga zomwe zakhala zikupha anthu ku Cabo Delgado kuyambira 2017 zili m'dziko loyandikana nalo. Asilikali a Malawi afera ku Congo posungitsa mtendere, ndipo namondwe Freddy atagwetsa mapiri mu Malichi 2023 ndi iwo omwe ankafukula anthu m'matope. Msilikali ayenera kukhala ndi nsapato, nyumba, chakudya ndi zida zabwino. Chowawa n'choti chinsinsi sichinamupatse zimenezi. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa ku Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Akatswiri a ku Germany omwe anafufuza ngoziyo anapeza kuti kachipangizo kolozera pomwe ndege yagwera sikankagwira ntchito chifukwa batire lake linatha mphamvu mu 2004. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira. Dziko lomwe linasainira makontirakiti a madola mamiliyoni ambirimbiri m'dzina la chitetezo linakhala zaka 20 osakonza kachipangizo kameneko. Akanakhala kuti aphungu amaona mabuku a ndalama za asilikali mzere ndi mzere, mwina wina akanafunsa.

Omwe analemba malamulo aakulu a dziko mu 1994 anali atalawa zowawa za ulamuliro wa mantha, n'chifukwa chake anaika mpanda. Ndime 45 imati pulezidenti sangalengeze kuti dziko lili pa chiopsezo popanda chilolezo cha Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo, ndipo chilengezocho chimatha pakapita masiku 21 pokhapokha aphungu atachiwonjezera. Komiti imeneyi ili pansi pa denga la a Sipikala. Iyenera kukhala ndi ndalama zokumanira, akatswiri oithandiza kuwerenga makontirakiti, ndi mphamvu zoitanitsa zikalata. Ngati pali zina zomwe sizingatchulidwe pagulu, ikumane zitseko zili zotseka, koma aphungu a mbali zonse akhalemo ndipo mkulu wolondoloza ndalama za boma aone malisiti. Chinsinsi chingakhale pa komwe mfuti zasungidwa. Mtengo wa chakudya cha apolisi kapena yunifolomu ya msilikali si chinsinsi cha dziko. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, lisamagonje pa mawu amodzi a mlembi wamkulu wa unduna. Ndipo lamulo lililonse lobwera mothamanga chifukwa cha chiopsezo lizikhala ndi tsiku lothera, kuti aphungu adzalionenso mitima itakhala pansi.

Bajeti ikubwerayi ikafika pa ndalama za asilikali, apolisi, akazitape ndi nyumba za boma, wolemba kalatayi akupempha a Sipikala kuti apereke nthawi yokwanira monga amachitira pa za feteleza ndi misewu. Phungu akaimirira kufunsa kuti chiopsezocho n'chotani, umboni wake uli kuti, ndipo kampani yopatsidwa ntchito inasankhidwa bwanji, a Sipikala amuteteze kwa omukuwiza kuti ndi mdani wa dziko, ndipo nduna iyankhe funsolo lisanachoke pa tebulo.

Mwaulemu waukulu,
Nzika yokhudzidwa