Chikhulupiriro chomwe chikupha mitima ku Iran

Ku Iran, matenda a mtima ndi mitsempha ya magazi ndiwo amapha anthu ambiri kuposa matenda ena alionse. Zina mwa zoyambitsa mukuzidziwa kale: kuthamanga kwa magazi, shuga, kunenepa kwambiri, mafuta ochuluka m'magazi ndi fodya. Mafutawo akamatirira m'mitsempha yodyetsa mtima, njira imachepa. Tsiku lina magazi amaundana pamalopo, mbali ya mtima n'kuyamba kufa chifukwa chosowa mpweya.

Koma chomwe chandikoka mtima ine pa nkhani ya Iran ndi opium, utomoni wa duwa la poppy womwe anthu amasuta kapena kumeza. Akuluakulu ambiri kumeneko amakhulupirira kuti opium amatsitsa shuga ndi BP, ndiponso amateteza mtima. Choncho bambo wazaka 55 yemwe wauzidwa kuti ali ndi shuga angathe kuyamba opium poganiza kuti akudzichiza, abale ake n'kumamuvomereza.

Kafukufuku wa m'chigawo cha Golestan, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, adatsutsa zimenezi. Pakati pa 2004 ndi 2008 akatswiri adalemba anthu oposa 50,000 a zaka 40 mpaka 75, n'kumawatsatira chaka ndi chaka. Anthu 17 mwa 100 alionse ankagwiritsa ntchito opium. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 2012 zidaonetsa kuti chiopsezo cha imfa pakati pawo chidali chokwera ndi 86 peresenti poyerekeza ndi anzawo, ndipo matenda a mtima adali m'gulu la zomwe zinkawapha. Ngakhale omwe ankagwiritsa ntchito pang'ono kwa zaka zambiri sadapulumuke.

Apa ndi pomwe ndimaona kuti uphungu wongoti "siyani" ndi wosakwanira. Wosuta fodya amadziwa kuti akudzipweteka. Koma munthu wokhulupirira kuti akumwa mankhwala sangasiye mpaka mutamupatsa china chogwira ntchito m'malo mwake, komanso kumuyeza kuti aone yekha manambala ake.

Mchere nawo ndi vuto. Munthu wamkulu ku Iran amadya pafupifupi kawiri mlingo womwe bungwe la WHO limalangiza, womwe ndi wosafika magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi. Wambiri umabisala mu buledi, chakudya chawo cha tsiku lililonse. Palinso qalyan, fodya wosutira m'botolo la madzi yemwe kuno timamutcha shisha. Ambiri amati madziwo amasefa utsi. Sasefa ayi.

Ku Golestan komweko kudachitikanso kafukufuku wina wotchedwa PolyIran, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet. Anthu a m'midzi pafupifupi 6,800 a zaka 50 kupita m'tsogolo adagawidwa pawiri. Onse adalandira malangizo a kadyedwe ndi kulimbitsa thupi, koma theka lidapatsidwanso piritsi limodzi patsiku lokhala ndi asipirini, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi ndi mitundu iwiri ya mankhwala a BP. Patatha zaka zisanu, matenda aakulu a mtima ndi sitiroko adachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa omwa piritsilo. Kwa omwe ankamwa mosadumphitsa, adachepa kuposa theka.

Ena anganene kuti kugawa mapiritsi kumagwetsa ulesi anthu pa nkhani yosintha khalidwe. Nkhawayo ndi yomveka, komatu malangizo okha ndi omwe gulu linalo lidalandira, ndipo ndi lomwe lidadwala kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti mukagule asipirini pa golosale n'kumamwa mwa inu nokha. Amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba, ndipo dokotala ndiye woyenera kuona ngati akukuyenerani.

Midzi ya ku Iran ili ndi alangizi a zaumoyo otchedwa behvarz, osankhidwa m'mudzi momwemo, ofanana ndi ma HSA athu. Kuno kwathu kafukufuku wa 2009 adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Inu alangizi, mukakumana ndi agogo omwe asiya mapiritsi a kuchipatala chifukwa apeza "mankhwala" ena, musayambe ndi kuwadzudzula. Afunseni chomwe akumwa ndi yemwe adawauza, kenako ayezeni BP aone okha.