Kachilombo kochiza khansa: nanga ife a kunyanja?

Amalawi anzanga, tinakula tikudziwa kuti ntchito ya kachilombo n'kupha. Lero madokotala akunja akukatuma kukachiza.

Ku yunivesite ya Duke ku America anatenga kachilombo ka poliyo, komwe kaja kanapundula ana athu, n'kukasintha kuti kasapundule munthu, kenaka n'kukathira m'chotupa cha khansa ya mu ubongo. Kachilomboka kamaswana m'chotupamo, kamachiphwanya, n'kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimalize nkhondoyo. Mu 2018 analengeza kuti odwala 21 mwa 100 alionse anali akadali moyo patatha zaka zitatu, pomwe kale ankatsala anayi okha. Mu 2021 dziko la Japan linaloleza mankhwala otchedwa Delytact, ochokera ku kachilombo koyambitsa zilonda za pamilomo. Sachiza aliyense, koma njira yatseguka.

Tsono ine ndikufunsa: nanga msodzi wa ku Nkhotakota? Mutu ukamuwawa miyezi, maso n'kuyamba kuchita chidima, amangomwa mankhwala a malungo, abale n'kumati walodzedwa. Kuti akajambulidwe m'mutu, ulendo wake ndi wa ku Lilongwe, pa ndalama za usipa. Ambiri amafika mochedwa.

Inu amene munabwerera kuchokera kunja mukukumbukira: mu Okutobala 1993 Kamuzu atadwala, ndege inamutengera ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu. Chaka chomwecho tinali titavotera matipate, tikuganiza kuti moyo wa nduna ndi wa msodzi ulemera mofanana. Koma chipatala cha boma cha khansa ku Lilongwe chinatsegulidwa mwalamulo mu 2025, patapita zaka 32!

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala a ku Japan ali kutali, koma katemera wa HPV, woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa ulere m'dziko lonse mu 2019. Khansa imeneyi ikutha amayi athu. Makolo, musamvere mabodza akuti katemerayu amatseka kubereka. Pitani nawo ana.

Nanunso aphungu a m'boma la Nkhotakota, ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Kafunseni ku Nyumba ya Malamulo kuti lonjezolo lili pati. Tinakutumani ndife, ndipo voti ili m'manja mwathu.