Mawu a Mkonzi: Tiuzeni zomwe zili m'madzi athu

Kwa Kapelula, m'boma la Kasungu ku Malawi, ndi kwa abale athu. Amalima fodya ndi chimanga monga timachitira kuno, amayankhula monga ife, ndipo ku Kasungu kuli Mwase monganso ku Lundazi. Ambiri kumeneko amamwa madzi a pa mjigo ndi a pa chitsime, pakuti mapaipi a Central Region Water Board, otunga m'damu la Chitete, amathera m'tauni ya Kasungu. Madzi a pansi pa nthaka m'zigwa zimenezi amasiyana mudzi ndi mudzi. Mjigo wina umatulutsa okoma, wina wapafupi pomwepo nkutulutsa amene amayi amati ndi a mchere. Madandaulo omwewa timawamva kuno kum'mawa, m'midzi ndi m'makomboni omwe.

Madzi otere sabisala. Sopo amatha msanga koma thovu osaoneka. Nyemba zimakhalitsa pamoto mpaka mtolo wa nkhuni kutha. Mukasuzumira m'ketulo mupeza zoyera zouma zitamatirira pansi, zofuna kupala ndi mpeni. Chimene chimachititsa ndi kashiamu ndi maginiziyamu, zimene madzi amasungunula m'miyala akamadutsa pansi. A World Health Organization amanena kuti zikapitirira mamiligalamu pafupifupi 200 pa lita zimayamba kumata mapaipi ndi ziwiya, koma sanaike malire aliwonse okhudza thanzi, popeza pa mlingo umene zimapezeka m'madzi akumwa sizidwalitsa munthu.

Apa mpamene pagona nkhawa yathu. Mayi amene watopa ndi kuwononga sopo amasiya mjigo nkutsikira kudambo, kumene madzi ndi ofewa, amachita thovu ndipo amakoma pakamwa. Lero apita kukachapa chabe, mawa abwerako ndi ndowa ya madzi akumwa. Chitsime cha m'dambo chimalandira zonse zimene mvula yakokolola: ndowe za ng'ombe, zochokera m'zimbudzi zosefukira, ndi feteleza wa m'minda ya fodya ndi chimanga. Banja lathawa madzi osautsa nkukagwera madzi akupha, ndipo palibe amene analiuza kusiyana kwake.

Tisaiwale msanga. Kolera imene inayamba ku Malawi mu March 2022 inapha anthu oposa 1,700. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: kuyambira mu October 2023 inabuka m'dziko lathu lino, inapha anthu oposa 700, bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo ana anachedwa kutsegulira sukulu mu 2024. Tizilombo ta kolera tilibe fungo ngakhale mtundu. Madzi oyera mbee akhoza kukhala nato.

Palinso zina zimene lilime silingazindikire. Fuluwaraidi ikapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita imathimbiriritsa mano a ana, monga zakhala zikuonekera ku Nathenje m'boma la Lilongwe. Naitireti wochokera ku feteleza ndi ku zimbudzi akapitirira mamiligalamu 50 pa lita ndi woopsa kwa makanda. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma ziwirizi sikuzichotsa, ndipo madzi akaphwera pamoto zimachita kuchuluka mwa otsalawo. Choncho langizo lakuti “wiritsani madzi” ndi labwino, koma silikwanira pamene sitikudziwa chimene chili mu mjigo wathu.

Nkhani ya dzimbiri ndiyo imatipweteka kwambiri, chifukwa nthawi zambiri timaibweretsa tokha. Mijigo yambiri kuno ndi ya India Mark II, ya mapaipi achitsulo. Madzi akakhala owawasa pang'ono amadya chitsulocho, ndipo wotunga woyamba m'mamawa amalandira madzi ofiira, onunkha chitsulo, osintha mtundu wa nsima ndi kuthimbiriritsa malaya a sukulu. Anthu amati nthaka ndi yoipa, pamene choipa ndi paipi. Anzathu a ku Malawi anasankha kalekale mjigo wa Afridev, wa mapaipi a pulasitiki. Makhonsolo athu ndi mabungwe okumba mijigo alibe chifukwa chopitirizira kuika chitsulo pamalo pamene akudziwa kuti chichita dzimbiri.

Chimene tikupempha sichifuna ndalama zambiri. Kampani ya Eastern Water and Sanitation, imene imapereka madzi a m'madamu a Lutembwe ku Chipata, imayeza madzi ake, ndipo bungwe la NWASCO, loyang'anira makampani a madzi, limatulutsa lipoti la makampaniwo chaka ndi chaka. Koma lipotilo lili m'Chingerezi, ndipo mayi wotunga pa pompi m'komboni ya Mchini kapena ya Nabvutika saliona. Zotsatira zimatidwe pamalo otungirapo, m'Chinyanja: tsiku limene madzi anayezedwa, ngati muli tizilombo, mlingo wa klorini, ndiponso ngati mchere umene ukumvekawo ndi woopsa kapena ayi. Mjigo watsopano usaperekedwe kwa anthu usanayezedwe, ndipo pepala la zotsatira lisiyidwe m'manja mwa komiti ya mjigo ndi nyakwawa. Mijigo yakale nayo iziyezedwa mvula ikayamba, pakuti ndi nthawi imene zimbudzi zimasefukira.

Inu owerenga, musathawe mjigo chifukwa cha thovu. Ngati mukufuna kuchapira madzi a kudambo, chapirani, koma akumwa achokere pamalo otetezedwa, muthiremo klorini ndi kusunga m'chigubu chotseka. Mukaona mano a ana ambiri m'mudzi akuthimbirira, kapena madzi asintha mtundu, kauzeni a zaumoyo pa kiliniki yanu. Ndipo khansala wanu akabwera pa msonkhano, mufunseni tsiku limene madzi a m'dera lanu anayezedwa komaliza, ndipo akuonetseni pepala lake.