Chionetsero chathu chisakhale cholipira pakhomo

Anzanga, mwamva zoti a kalabu ya sayansi akufuna tizilipira pakhomo pokaona chionetsero cha magalimoto amawaya, nyumba zamakatoni ndi ndege zazitini? Ine ndikuti ayi.

Ndikudziwa kuti guluu, penti ndi mabatire sizaulere. Koma taganizani: akatswiri opinda waya pasukulu pano ndi omwe aja fizi imawavuta, amene amayenda wapansi kuchokera ku Bangwe ndi ku Zingwangwa posowa ya minibasi. Ndiye apange okha galimoto, kenako aime panja n'kumasuzumira pawindo? Sizoona zimenezo, aise.

Ululu wake tikuudziwa kale. Bwalo la Trade Fair ku Chichiri lili pafupi pompa ndi Kanjedza, koma ambirife timangothera kumpanda chifukwa cha tikiti. Mpanda umenewo tisaubweretse pasukulu pathu.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, koma mu 2002 anapanga makina amphepo otulutsa magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola. Buku limene linamutsegula maso analibwereka kulaibulale. Akanamuitanitsa ndalama pakhomo, bwenzi tikumudziwa?

Maganizo anga ndi awa: wophunzira alowe ulere, angobweretsa waya, zitsekerero za mabotolo kapena katoni. Makolo ndi alendo alipire pang'ono, magalimoto ena tiwagulitse, ndalamayo igule guluu ndi penti wa chaka chamawa.

A komiti, musanamate mitengo pabolodi pano, tayambani mwatifunsa eni akefe.

Mnzanu wa Fomu 3