Aphungu ndi Thumba la Boma

Chaka ndi chaka Nduna ya Zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi kuŵerenga ndondomeko ya chuma cha boma. Ambiri a ife timatchera khutu tsiku lokhalo, kufuna kumva za misonkho ndi za feteleza, kenaka nkutseka wailesi. Komatu ntchito yeniyeni ya aphungu imayamba Ndunayo itakhala pansi.

Poyamba aphungu amagaŵana m'makomiti, naitana akuluakulu a maunduna kuti alongosole chimene akupemphera ndalamazo. Pambuyo pake Nyumba yonse imakhala ngati komiti imodzi, ndipo unduna uliwonse umaitanidwa paokha, monga tiitanira ana m'kaundula mmaŵa. Apa ndi pamene phungu angafunse kuti mlatho uja anauvomerezera ndalama chaka chatha uli kuti. Yankho likapanda kugwira mtima, aphungu akhoza kuimika gawo la undunawo kufikira mwini wake atabwera ndi mayankho omveka.

Mphamvu yao ili ndi malire. Ndime 57 ya malamulo aakulu a dziko imaŵalola kuchepetsa ndalama zopemphedwa, koma kuonjezera sangathe popanda chilolezo cha Nduna ya Zachuma. Nchifukwa chake phungu wofuna chipatala kwao amayamba wakaniza zina kuti amvedwe.

Kukanizako nthaŵi zina kumapyola muyeso. Mu 2007 aphungu otsutsa boma, amene anali ochuluka m'Nyumbamo, anakana kukambirana ndondomeko yonse. Iwo anafuna kuti Sipikala ayambe wachotsa, potsata ndime 65, anzao amene anasamukira ku chipani cha DPP cha Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Masiku amenewo chaka cha boma chinkayamba pa 1 July, koma ndondomekoyo inavomerezedwa mu September. Dandaulo lao linali lomveka ndithu, koma ogwidwa chikole anali odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu, amene sanasamuke chipani chilichonse.

Chinanso chimatidabwitsa. Pa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lomwe mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K40 miliyoni kufika pa K100 miliyoni dera lililonse, mbali zonse za Nyumba zinaimba nyimbo imodzi. Tikadakondwa kumva umodzi wotere pofunsa Unduna wa Maphunziro chifukwa chimene ana ambiri akali kuphunzirira pansi pa mtengo, akulimbirana buku limodzi.